Kadyeni Pamene Eni Dziko Amadyera

Adzukulu anga, senderani pafupi ndikuuzeni za kudya pa ulendo. Ndikuona ambiri mwa inu mwayamba kuwoloka malire. Ena mukupita ku Joni pa mabasi onyamuka ku Lilongwe aja, otulukira pa chipata cha Dedza n'kulowa Calómuè, kutsetsereka mpaka ku Tete, kuwoloka Zambezi, kenako Zimbabwe. Ena simupita kutali, mumathera ku Angónia pompa kukapikula kachewere, nyemba ndi soya, kapena kukagwira ganyu m'minda ya fodya. Pokonzeka mumafunsana za pasipoti, za kosinthira ndalama, za foni ngati ikagwire kutsidyako. Koma sindinamvepo ndi mmodzi yemwe akufunsa kuti, "Agogo, njala ikakandipeza kumeneko ndikadye kuti, nanga ndikadye motani?" Chonsecho nkhani ya mbale ndi imene imasiyanitsa mlendo amene eni dziko amamukumbukira ndi munthu amene wangodutsa osadziwika ndi aliyense.

Zimene mumachita ndimaziona. Mumadzaza chikwama ndi mabisiketi ndi zakumwa za m'mabotolo, galimoto ikaima inu osatsika, kumangosuzumira pa windo. Ena mukatsika mumasakasaka malo a magalasi, a wailesi yakanema pakhoma, poti ndiye poyenera anthu ozindikira. Kamba wa pa ulendo sindikumunyoza ayi. Makolo athu popita ku Halale ndi ku migodi ankanyamula chimanga chokazinga ndi mtedza, ndipo zinkawafikitsa. Koma kamba ndi wa m'thengo, mopanda anthu. Pamene pali mudzi, utsi ukufuka, amayi akuomola nsima, iwe n'kukhala pambali kumatafuna zako za m'chikwama, ukuwauza eni ake kuti moto wawo ukuukayikira. Iwo sangakuyankhe kanthu, koma aona.

Dziwani kaye dziko limene mukupondalo. Angónia ndi boma la m'chigawo cha Tete ku Mozambique, likulu lake ndi Ulongué, tauni imene m'nthawi ya Apwitikizi inkatchedwa Vila Coutinho. Ndi dziko lokwera, lozizira chimodzimodzi kwathu kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, la nthaka yachonde, moti anthu a mumzinda wa Tete kotentha kuja amadya chimanga, nyemba, kabichi ndi kachewere zochokera kumapiri amenewa. Ngakhale tchipisi chimene mumaimirira pa chiwaya ku Lilongwe ndi ku Blantyre, kachewere wake wina amakumbidwa kutsidya komweko. Angoni a Maseko atabwerera kuchokera ku Songea anakhazikika m'tsinde mwa phiri la Domwe cha m'ma 1870, pakati pa Achewa amene anawapeza. Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana zodula malire motsata msana wa mapiri pamene madzi amagawikana, ena kulowera ku Zambezi, ena ku nyanja yathu ndi ku Shire, ndipo mzere wawowo unapyola pakati pa anthu amodzi. N'chifukwa chake lero Inkosi Gomani ili ku Lizulu mbali ya Malawi pamene Inkosi Zintambira ili mbali ya Mozambique. Mukamayenda pa msewu wa M1 kuchoka ku Dedza kulowera ku Ntcheu, malo ambiri dzanja lamanja ndi Mozambique, lamanzere ndi Malawi. Pa msika wa Lizulu mayi wa tomato amagona m'dziko lina n'kudzagulitsa m'dziko lina, dengu pamutu, osakwera galimoto. Gule wamkulu ndi yemweyo, ngoma ndi yomweyo, mifunda ndi yomweyo. Pamapepala, mukafika ku Ulongué muli kunja, ndipo malamulo a dzikolo muziwalemekeza monga a kunja. Koma pa mphika muli kwa amalume.

Ine malo amene ndikufuna muwadziwe ndinawapeza mosayembekezera. Zinali m'zaka zija ndinkapikula kachewere, mwezi wa Julaye, chisanu chili pachimake. Lole imene tinachita hayala inathyoka sipuling'i titatsala pang'ono kutuluka m'tauni ya Ulongué, matumba ali tho mpaka pamwamba. Dalaivala ndi mnyamata wake anapita kukasaka wowotcherera, ine ndinatsala ndi njala ya kuyambira dzulo lake. Ndinazungulira kuseri kwa msika, kudutsa pa makala, kudutsa pa okonza njinga, ndikutsata utsi ndi fungo la anyezi wokazinga. Kumeneko ndinapeza kabaraka ka malata akale ndi mpanda wa tsekera, kopanda chikwangwani, kopanda dzina. Mkatimo munali mabenchi awiri ndi tebulo lokutidwa ndi pulasitiki ya maluwamaluwa. Kumbuyo, pa mafuwa, mayi wina wa msinkhu wapakati anali atapanikiza mphika waukulu ndi mtengo wa mphanda kuti usagwedezeke, akuvundula nsima ndi mthiko wautali manja onse awiri, utsi ukumulowa m'maso iye osaphethira.

Ndinati, "Odi kuno!" Anayankha osasiya mthiko, "Odini, fikani obambo. Khalani pa benchipo, yatsala pang'ono kupsa." Mtsikana wake anabwera ndi jagi ndi beseni, n'kupinda maondo, n'kundithirira madzi m'manja. Madziwo anali ofunda. Mvetsani bwino pamenepa, adzukulu anga. M'tauni nkhuni ndi zogula. Munthu amene wakufunditsira madzi osamba m'manja mwezi wa Julaye, ndi nkhuni za ndalama yake, wakulemekeza usanamupatse kalikonse.

Nsima inabwera mitanda itatu ya ufa woyera, yosalala, nthunzi ili tolotolo. Ndiwo zinali nyemba zofiira zopsa mpaka msuzi kulemera, mpiru wotendera, ndi nthuli zingapo za mbuzi. Pa nyamayo ndi pamene ndinamva kuti dzanja ndi lina. Anali ataisiya mu adyo ndi mandimu asanaiike pamoto, kaphikidwe kamene anthu a kumeneko anatola kwa Apwitikizi n'kukasandutsa kawokawo. Patebulo panali botolo la piripiri, titsabola ting'onoting'ono tofiira tonyikidwa m'madzi a mandimu, mchere ndi timafuta. Bambo wina wa kabaza amene anakhala pafupi nane anandichenjeza kuti, "Pang'onopang'ono achimwene, ameneyu safuna changu." Ndinadonthezera pambali pa mbale, n'kusunsako mbamu imodzi, thupi lonse linafunda, chisanu chija n'kuthawa. Pomaliza ndinaitanitsa tiyi ndi pau, buledi wawo uja wa khungu lolimba koma mkati mofewa, wowotcha mu uvuni wa njerwa ndi nkhuni, ufa ukadali mbuu pamwamba pake. Ndadyapo m'malo a nsalu zoyera patebulo, koma nkhomaliro ya tsiku limenelo ndimaikumbukira mpaka lero.

Anthu atayamba kuchepa, mayi uja anadzakhala pa chigubu cha mafuta chotha n'kundifunsa monga amafunsira anthu akwathu, "Kumudzi n'kuti? Nanga mfunda ndani?" Nditatchula, anaseka n'kuomba m'manja, poti unali wawo womwe. Kuyambira pamenepo anasiya kunditchula obambo, anayamba kunena kuti alongo. Ndiye anandiuza kuti kulemba ndi kuwerenga anaphunzirira ku Malawi, m'boma la Dedza, ali kamtsikana kothawa nkhondo. Anati usiku umene anawoloka, ufa woyamba anawapatsa ndi mayi wina wa kuno wosawadziwa n'komwe, pamodzi ndi mphika wobwereka. "Ndiye wa ku Malawi akalowa muno," anatero, "ine ndimaona ngati ndikubweza mphika uja."

Inu amene munabadwa nkhondo itatha muyenera kuimva nkhani imeneyi, chifukwa ndiyo yagona pansi pa mbale iliyonse imene mungadye kumeneko. Mozambique italandira ufulu pa 25 Juni 1975, sipanapite zaka zambiri nkhondo ya pachiweniweni inabuka pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo, ndipo inadzatha ndi pangano limene anasainirana ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Pakati pa zaka za m'ma 1980 moto unafika ku Angónia. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zinalandidwa, minda yachonde ija inagona tsala. Ngakhale a mpingo sanapulumuke: ansembe awiri Achijezwiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anaphedwa mu Okutobala 1985 kufupi ndi mishoni ya Lifidzi. Anthu oposa miliyoni imodzi a m'dziko limenelo anathawira ku Malawi. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri sanakhale m'misasa ya othawa. Anamanga zisakasa kuseri kwa nyumba zathu, mafumu anawalozera malo, ana awo ankakhala m'kalasi imodzi ndi ana athu, maliro tinkaikira limodzi. Sindinena kuti zonse zinali zosalala. Nkhuni zinatha, mapiri anameteka, ndipo ena mwa anthu athu ankawalemba ganyu pa malipiro achipongwe podziwa kuti alibe kolowera. Komabe tinawasunga mpaka anabwerera kwawo mtendere utadza, ndipo iwo saiwala.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu 2002 njala inatigwera ife. Anthu kuno ankadya madeya ndi zitsa za nthochi, ana kutupa mapazi, maliro osati n'kuwerenga. Nthawi imeneyo njinga zinkangoti ndondondo m'tinjira ta m'tchire kulowera ku Angónia kukasaka chimanga. Amene analibe ndalama ankakalima tsiku lonse kuti awapatse ndowa ya chimanga kapena dengu la kachewere. Ena mwa inu amene mukundimverawa muli ndi moyo chifukwa cha thumba limene linawoloka malire amenewo pa kaliyala wa njinga. Mpaka lero, chaka chimene mvula yavuta kuno, maso athu amaloza nkhokwe za kumeneko. Ndiye mnyamata wa ku Dedza akamakwinya mphuno pa nsima ya mayi wa ku Angónia, ine mtima umandiwawa, chifukwa akunyoza dzanja limene linadyetsa amake.

Musaganize kuti ndikukutumani kukadya paliponse mwachimbulimbuli. Matenda alipo. Kolera amene anatigwera kuyambira mu 2022 mpaka 2023 anatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kutsidya nako anavuta. Choncho tsegulani maso, koma muwatsegulire pa zinthu zoyenera. Penti wa pakhoma ndi chikwangwani sizikuuzani kanthu za mphika. Yang'anani amene akudyapo. Mukapeza amayi ogulitsa mumsika, anyamata a njinga zamoto, onyamula katundu, aphunzitsi, ngakhale ophunzira za ulimi a yunivesite ya Zambeze imene ili ndi nthambi yake ku Ulongué, akhala pa benchi limodzi akudya, dziwani kuti mphikawo ndi wokhulupirika. Wophikira anthu omwewo lero, mawa ndi mkuja sangayerekeze kuwatsegula m'mimba, chifukwa geni yake ingathere pomwepo. Woyenera kumuopa ndi wophikira anthu a m'basi amene sadzawaonanso. Suzumirani kumbuyo muone madzi amene akutsukira mbale, muone ngati pali thandala loyanikapo, ngati ndiwo zili zovundikira. Madzi osamba m'manja akhale okuthirirani, osati beseni limodzi loti aliyense apisemo. Idyani zotentha, zochoka pamoto inu mukuona. Saladi ya tomato, anyezi ndi kabichi wosaphika amaikonza mokopa kumeneko, koma ngati simukudziwa madzi amene atsukira, ilekeni ipite. Ludzu muphe ndi tiyi kapena madzi a m'botolo lomata. Ndipo fikani dzuwa lili paliwombo, nthawi ya nkhomaliro yeniyeni, osati madzulo pamene ndiwo zabwerera pamoto kachiwiri.

Mukakhutira ndi ukhondo, musaope kulawa. Mukapeza nsomba ya chikowa, youma ya mchere ija yochokera ku nyanja ya Cahora Bassa, kapena kapenta wa komweko, itanitsani. Mukapeza nkhuku yowotcha pa makala yopaka piripiri, ndalama ikalola, idyani. Munthu amene amafuna kuti kulikonse kumene wapita amuphikire monga amaphikira amake, bola akanangokhala kwawo.

Tsopano za ndalama, pamene ambiri mwa inu mumadzichotsera ulemu. Safunsa anadya phula: funsani mtengo musanasambe m'manja, mofatsa, kuti pasakhale mkangano mbale zitayera. Akakuuzani, musanenerere. Kunenerera n'kwa pa thumba la kachewere ndi pa mulu wa kaunjika. Nsima yopsa kale sanenerera. Mayi uja wadzuka tambala woyamba, watunga madzi, wagula nkhuni, wagayitsa chimanga, wagula mafuta, mchere, tomato ndi nyama, walipira tikiti ya msika, ndipo waima pa utsi kuyambira m'bandakucha. Chimene chimatsala pa mbale imodzi n'chochepa zedi, masiku ena phindu lake lonse ndi ndiwo zotsala zimene ana ake akadyere usiku. Iwe wavala nsapato za mtengo wa mbuzi, n'kumalimbana naye pa ndalama yosakwana kugula machesi? Zimenezo n'zamanyazi.

Ndalama ya kumeneko ndi metikashi. M'midzi ndi m'misika ya m'malire ambiri amalandira kwacha, koma kumeneko n'kukukomerani mtima chabe, si lamulo. Kwacha yathu yakhala ikugwa: mu Meyi 2022 inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Mayi amene walandira kwacha lero, pokasintha kuti agule mafuta ophikira amapeza kuti yamuondera m'manja. Choncho akakana kwacha, kapena akakwezako mtengo kwa wolipira kwacha, sakukuberani, akudzitchinjiriza. Sinthani ndalama musanafike, munyamule zing'onozing'ono kuti asasiye mphika pamoto kukasaka chenje. Musadalire Airtel Money kapena Mpamba, kumeneko anthu ali pa M-Pesa ndi e-Mola. Ndipo chinyengo chija ndimamva anyamata ena akudzitama nacho, chomuwerengera mothamanga mayi wosazolowera kusinthana kwa ndalama ziwirizi kuti mumupatse zoperewera, dzina lake ndi kuba. Mukachita zimenezo, Mmalawi amene adzalowe pamalopo mawa ndiye adzalipire tchimo lanu.

Polowa, perekani moni kwa onse, osati kwa mwini malo yekha. Chipewa m'manja, mahedifoni m'thumba. Chinyanja chathu chomwechi chikukwanirani, koma "bom dia" ndi "obrigado" sizilemera kunyamula, ndipo achinyamata a kumeneko amene anaphunzira sukulu m'Chipwitikizi amakondwa akamva mlendo akuyesa. Musawaseke akamatchula mitengo ndi masiku m'Chipwitikizi, poti nanunso mumazitchula m'Chingerezi. Chakudya sanunkhiza, ndipo mawu akuti "kwathu sitiphika chonchi" asatuluke pakamwa panu. Ngati pali chimene simudya, kaya chifukwa cha mpingo kaya chifukwa cha m'mimba, nenani asanapakule. Kusiya mbale yodzaza osanena chifukwa n'kumutukwana wophika pamaso pa makasitomala ake.

Za foni ndinenepo mwamphamvu. Mwatenga chizolowezi chojambula chilichonse n'kuponya pa Facebook ndi TikTok. Mayi ali pa mafuwa, nsalu yake ya ntchito, thukuta lili kamukamu, inu mwamuloza kamera osapempha, cholinga anzanu akaseke denga lake la malata adzimbiri. Mayi ameneyo ali ndi ana, ali ndi apongozi, ali ndi mpingo, ndipo nawonso mafoni ali nawo. Pemphani kaye. Akavomera, jambulani zimene iye anganyadire nazo. Akakana, bwezani foni m'thumba, nkhani yatha.

Mwina mukufunsa kuti phindu lake n'chiyani kupatula kukhuta. Pa benchi la baraka ndi pamene nkhani zenizeni za dziko zimakambidwa. Tsiku lija, bambo wa kabaza yemwe uja ndi amene anatilozera wowotcherera wodalirika, ndipo lole inanyamuka dzuwa lisanalowe. Mlimi wina wa ku Tsangano anandiuza midzi imene kachewere anali asanakumbe ndi njira imene lole ingadutse osatitimira. Koma chachikulu, ndinamva zimene amatidandaula ife ogula a ku Malawi: ndowa zoyezera zofunditsa pamoto kuti zitukumuke, masikelo otsina, kutenga katundu pa ngongole n'kusowa mpaka kalekale. Ankanena mosabisa ndi mosakwiya, poti tinali titasamba m'manja m'jagi imodzi. Zoterezi simungazimve pa malo a magalasi, kumene woperekera zakudya anamuphunzitsa kumwetulira basi. Inu amene mukuyamba bizinesi ya mbewu, gwiritsani mawu awa: mlimi amene mwadya naye, amene wakuonani mukulipira mayi wa nsima osamunyengerera, amakusungirani katundu ngakhale wina atabwera ndi mtengo wokwererapo. Mbiri ya munthu pa msika wa kumudzi imayenda mofulumira kuposa lole yake.

Adzukulu anga aakazi, inu amene mumayenda nokha pa geni, mayi wa pa baraka ndiye mpanda wanu. Iye amadziwa nyumba yogona alendo imene mkazi angagone mwamtendere ndi imene ayenera kuipewa. Amadziwa mnyamata wa njinga yamoto amene angakufikitseni kumudzi n'kukubwezani bwinobwino, chifukwa amadya pa iye ndipo amamudziwa amake. Mukazolowerana, katundu wanu mukhoza kumusiyira mukuzungulira msika, ndipo tsiku limene simunaoneke pa nthawi yake, pali munthu woti afunse kuti mlendo uja wapita kuti. M'dziko la eni, kukhala ndi munthu mmodzi wofunsa za iwe n'chinthu chachikulu.

Koma makutu akhale aakulu, pakamwa pang'ono. Ndale za eni ake zisiyeni. Mwa anthu amene akhala pa benchipo, ena anataya abale m'manja mwa mbali iyi, ena m'manja mwa mbali inayo, ndipo anaphunzira kukhalira limodzi posankha mawu. Zisankho za mu Okutobala 2024 zitatha munamva zipolowe zimene zinabuka m'dzikomo, mpaka magalimoto obweretsa mafuta kuno kuchokera ku Beira anavutika kudutsa. Mabala akadalipo. Iwe mlendo wa tsiku limodzi usadziike pa mpando wa woweruza. Akakufunsa maganizo ako, uyankhe kuti wabwera kudzagula nyemba. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Dziwaninso kuti mabaraka ena dzuwa likalowa amasanduka malo omwera, mabotolo a 2M ndi Manica n'kudzaza tebulo lomwe lija munadyerapo nsima. Nthawi imeneyo si yanu. Idyani masana, dzuwa likapendeka bwererani kumene mukugona, mapepala anu oyendera ali m'thumba la mkati. Ndipo inu anyamata, mtsikana wokuthirirani madzi ndi mwana wa eni ake. Mutchuleni achemwali, maso ndi manja anu zikhale pa mbale.

Zimenezi mukapite nazo kulikonse. Ku Harare akakuikirani sadza, ku Johannesburg pap, ku Dar es Salaam ugali. Abale athu ambiri ku Joni amangodya kwa Amalawi okhaokha, ndipo kulakalaka ndiwo za kwanu si mlandu, koma munthu amatha zaka m'dziko osakhala ndi mnzake ndi mmodzi yemwe mwa eni nthaka, ndiye tsiku la mavuto amasowa womubisa. Kumbukiraninso kuti m'mizinda imeneyo muli alongo anu ndi azakhali anu amene akuphika nsima m'mbali mwa msewu, akukhala ndi moyo chifukwa cha alendo olowa pa timalo tawo. Ulemu umene mukufuna anthu awapatse, yambani ndinu kuupereka kwa mayi wa ku Ulongué. Nawonso a ku Angónia amabwera kuno tsiku ndi tsiku, ku chipatala, ku chigayo, ku msika wa Lizulu ndi wa pa Dedza. Akafika pa geni yanu musawaikire mtengo wachilendo pomva kalankhulidwe kawo.

Pomaliza kudya musangosiya ndalama patebulo n'kutuluka chamchira. Pitani kumbuyo kumene kuli mafuwa, mukamupatse mwini wake m'manja ndi manja awiri, mumuthokoze ndi mfunda wake, mumuuze kuti mwakhuta ndiponso kuti ndiwo zinakoma. Ngati njirayo mudzaidutsanso, mudzamutengere kapaketi ka shuga wa kuno kapena masamba a tiyi wa Chombe, ndipo anzanu amene akupita kumeneko muwalozere malowo kuti nawonso akadye pomwepo.